Yesu Anamukhudza Kachiwiri

Lachitatu, pa 16 February 2022, akhristu amene anakwanitsa kubwera ku Misa ya m'mawa anamva Mthenga Wabwino umene anthu a Misa ya Lamulungu sakhala ndi mwayi woumva. Ndi nkhani ya munthu wakhungu wa ku Betsaida, yopezeka pa Marko 8:22-26. Ndi Marko yekha amene anailemba, ili ndi ndime zisanu zokha, ndipo siili pa mndandanda wa mawerengo a Lamulungu. Yaikidwa m'kalata ino kuti amene tsiku limenelo anali pa siteji kudikira minibasi, kapena akutsegula okala, nawonso aimve.

Nkhaniyo imayenda motere. Yesu ndi ophunzira ake atafika ku Betsaida, anthu anabwera naye munthu wosaona, n'kupempha kuti amukhudze. Yesu sanamuchiritse pomwepo pagulu. Anamugwira dzanja n'kutuluka naye kunja kwa mudzi. Kumeneko anamupaka malovu m'maso (akanakhala masiku aja a masiki, akuluakulu a tchalitchi akanayamba atsokomola kaye), anamusanjika manja, kenaka anamufunsa ngati akuona kanthu. Munthuyo anakweza maso n'kuyankha kuti anthu akuwaona ndithu, koma mwachimbuuzi, sakusiyana ndi mitengo, kungoti ikuyenda. Apo Yesu anaikanso manja pa maso ake, ndipo ulendo uno anaona zonse bwinobwino. Pomaliza anamutumiza kwawo, n'kumuletsa kulowa m'mudzi muja.

M'mabuku onse anayi a Mthenga Wabwino, palibe pena pamene Yesu anachiritsa munthu m'magawo awiri chonchi. Wakhate anachira nthawi yomweyo. Mwana wa Yairo anadzuka atangogwidwa dzanja. Wantchito wa mkulu wa asilikali anachira Yesu ali kutali, osamuona n'komwe. Nanga ku Betsaida chinavuta n'chiyani? Mphamvu inachepa? Marko sakutero ayi. Amene angawerenge mutu wonse wachisanu ndi chitatu adzaona kuti nkhaniyi yaikidwa pamalo ake mwadala. Isanafike, ophunzira ali m'ngalawa akudandaula kuti aiwala buledi, pamene angoona kumene anthu 4,000 akukhuta ndi mikate isanu ndi iwiri, ndipo Yesu akuwadzudzula kuti maso ali nawo koma sakupenya. Ikangotha, Petro akuvomereza kuti Yesu ndiye Khristu, koma atamva za mtanda akumutengera pambali kuti amuletse. Petro anali ataona, koma mwachimbuuzi. Nayenso ankafunika kukhudzidwa kachiwiri, ndipo kukhudzidwako kunabwera mochedwa, tambala atalira, ndiponso m'mbali mwa nyanja Ambuye atauka.

Choncho Marko akuphunzitsa kuti Mulungu sachita manyazi kubwereza. Anthu ndi amene amachita nazo manyazi. Amaganiza kuti chinthu chikabwerezedwa ndiye kuti choyamba chinali chachinyengo.

Maganizo amenewa ndi amene ankamveka mu 2022 pa nkhani ya katemera woonjezera wa Covid-19, amene a zaumoyo anali atayamba kupereka kwa omwe anamaliza kale katemera wawo. Kunja kwa tchalitchi Misa ikatha, m'maliro, ngakhale pa misonkhano ya mphakati, dandaulo lake linali limodzi: poyamba ankati kubaya kawiri n'kokwana, kwa Johnson & Johnson ankati kamodzi kokha, lero akuti kachitatu, mawa adzati kangati? Ena ankaonjeza kuti m'bale wawo anabayitsa kawiri koma mu December 2021 anadwalabe. Mafunso amenewa si a anthu opusa, ndipo sayenera kuyankhidwa mwachipongwe. Amene akufunsa ambiri ndi omwe anamvera poyamba, anakaima pa mzere anzawo akuwaseka, ndiye lero akuona ngati anapusitsidwa.

Mthenga Wabwino si buku la zachipatala, ndipo katemera si sakramenti. Marko sankaganiza za jakisoni polemba. Komabe yankho la dandaulo limeneli limafuna mtima womwewo umene nkhani ya ku Betsaida ikupempha, ndipo mbali ina ya yankholo amayi a m'parishi muno akuidziwa kale kuposa wina aliyense. Mwana akabadwa, mayi amapita naye ku sikelo ali ndi masabata 6, amabwereranso pa masabata 10, ndiponso pa masabata 14, kukalandira katemera yemweyo. Wa chikuku amabayidwa pa miyezi 9, n'kudzabwerezanso mwana atapitirira chaka. Mayi woyembekezera salandira katemera wa kafumbata kamodzi kokha. Palibe mayi amene anabwerako ku sikelo n'kunena kuti anamwino ndi abodza chifukwa amuuza kuti adzabwerenso mwezi wamawa. Amadziwa kuti thupi limaphunzira monga momwe mwana wa kalasi ya Ukaristia woyamba amaphunzirira mapemphero, mobwerezabwereza.

Mmene zimakhalira n'zosavuta kumva. Kachirombo ka korona kali ndi timinga kunja kwake, timene kamagwirira pofuna kulowa m'thupi. Katemera amaonetsa thupi maonekedwe a timingato, kuti asilikali a m'thupi adzakazindikire kakadzabwera. Zili ngati kupatsa alonda chithunzi cha mbala. Koma pali zinthu ziwiri zimene zachitika. Choyamba, pakapita miyezi, asilikali oima pachipata amachepa, ngati alonda amene ayamba kusinza cha m'ma 3 koloko usiku. Chachiwiri, mbala yasintha nkhope. Mtundu wa Omicron unabwera ndi kusintha kopitirira 30 pa kaminga kamene kaja, ngati wakuba amene wasunga ndevu n'kuvala chipewa. N'chifukwa chake ukutha kudutsa pachipata n'kudwalitsa ngakhale obayitsa ndi omwe anadwalapo kale. Koma ukalowa umapeza kuti m'kati mwa mpanda muli ena amene akuukumbukirabe fungo. Obayitsa ambiri akumadwala masiku ochepa n'kudzuka, osafika pofuna mpweya wa kuchipatala. Katemera woonjezera amadzutsanso alonda aja n'kuwachulukitsa. M'bale amene anabayitsa kawiri n'kudwala mu December 2021, koma lero ali pa benchi akuimba nawo, si umboni wakuti katemera analephera.

Parishi ino ikukumbukira January wa 2021, katemera asanafike m'dziko muno. Mwezi umenewo nduna ziwiri za boma, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 January, ndipo m'zipatala anthu ankasowa mpweya. Maliro ankachitika mothamanga, anthu ochepa ataima patali. Mabanja ena mpaka lero sanalire mokwanira. Katemera woyamba, wa AstraZeneca, anafika pa 5 March 2021, okwana 360,000. Koma mphekesera zinathamanga kuposa galimoto zonyamula katemerayo: kuti ndi chizindikiro cha chilombo cha m'buku la Chivumbulutso, kuti amatseka mimba, kuti akufuna kuchepetsa anthu akuda. Mu May chaka chomwecho, katemera okwana 19,610 anatenthedwa ku Kamuzu Central Hospital atapitirira masiku ake. Patangopita miyezi iwiri mliri unabweranso kachitatu, ndipo anthu omwe aja anayamba kuyendayenda m'zipatala kufunafuna katemera amene panthawiyo anali atatha.

Mpingo sunakhale chete pa nkhaniyi. Pa 21 December 2020, nthambi ya ku Vatican yoona za chiphunzitso cha chikhulupiriro inalongosola kuti mkhristu angathe kulandira katemera wa Covid-19 ndi mtima woyera. Papa Francis analandira wake mu January 2021, ndipo mu August analankhula poyera kuti kubayitsa ndi ntchito ya chikondi, kwa iwe mwini, kwa abale ndi kwa anthu onse. Chikalata cha ku Vatican chija chinanenanso mbali ina imene okonda kukakamiza anzawo amaiiwala: kuti kubayitsa kuyenera kukhala kwa ufulu. Palibe amene angamanidwe Ukaristia kapena kunyozedwa mu mphakati chifukwa alibe khadi la katemera. Koma chinapitiriza kunena kuti wokana chifukwa cha chikumbumtima ali ndi udindo wochita zonse zotheka kuti asakhale njira yopatsira ena matenda, makamaka ofooka. Ufulu wokana jakisoni suphatikizapo ufulu wotsokomolera agogo a eni ake m'minibasi masiki ili pachibwano.

Pali funso lina limene anthu oganiza bwino amafunsa, ndipo ndi labwino: kodi n'chilungamo kuti wa m'tauni abayitse kachitatu pamene amayi ake kumudzi sanalandire ngakhale woyamba? Amalawi ambiri ndithu sanabayitse. Koma utsi wa mu May uja unaonetsa kuti katemera amene wa m'tauni wamukana sakwera basi yekha kupita kumudzi. Amangokhala mu firiji mpaka kutha ntchito. Amene funsoli likumupweteka mtima, ayimbe foni kumudzi, atumize ya kabaza, amayiwo akafike ku chipatala chaching'ono cha kwawoko.

Komabe pakatikati pa nkhani ya ku Betsaida si pa manja a Yesu pokha. Pali pa yankho la wakhungu uja. Yesu atamufunsa ngati akuona kanthu, munthuyo akanatha kunama. Zifukwa zonamira zinalipo zambiri. Anzake anali atavutika kumubweretsa. Mphunzitsi wotchuka anali atamupatsa nthawi, mpaka kumugwira dzanja. Ulemu wa chibadwidwe ukanamuuza kuti athokoze, anene kuti zonse zili bwino, apite. Ndipotu poyerekeza ndi mdima umene anachokamo, kuona mwachimbuuzi kunali kale phindu lalikulu. Akanatero, akanabwerera kwawo n'kukhala moyo wake wonse akupereka moni kwa mitengo. Anachira kwathunthu chifukwa ananena zoona za mmene analili, ngakhale zoonazo zinali zochititsa manyazi pang'ono kwa onse awiri.

Kuyezetsa ndi funso lomwelo, ndipo apa ndi pamene akhristu ambiri akugwa. Omicron amabwera ndi zilonda zapakhosi, chimfine, mutu ndi kuphwanya kwa thupi. M'nyengo ya mvula, aliyense amakhala ndi dzina lina lokonzeratu. Ndi kachimfine chabe. Ndi malungo. Ndi mvula ija inandinyowetsa Lachiwiri. Munthu amagula mapiritsi pa okala, amawiritsa mandimu ndi jinja, amadzifukiza ndi masamba a bulugamu atafunda bulangete, m'mawa n'kupita ku ntchito, madzulo ku kwaya. Mandimu ndi jinja si tchimo, amafewetsa pakhosi. Koma sanena chimene munthu akudwala. Kuyeza kwachangu, kotenga zam'mphuno ndi kathonje, kumatulutsa zotsatira pasanathe theka la ola. Kuyeza malungo nakonso n'kwachangu, ndipo malungo osiyidwa amapha. Amene akukana kuyezetsa akubetcha mbali zonse ziwiri, ndipo chikole chake si thupi lake lokha.

N'chifukwa chiyani anthu amathawa? Ena amaopa kathonje, koma ambiri amaopa zotsatira zake, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Dziko lapansi laonetsa kale zimene limachita ndi onena zoona. Pa 24 November 2021, akatswiri a ku South Africa anadziwitsa bungwe la WHO za mtundu watsopano wa kachiromboka, umene unaonekanso ku Botswana. Patapita masiku awiri unapatsidwa dzina loti Omicron. Sabata isanathe, Britain, America ndi mayiko ena anatseka zipata kwa apaulendo ochokera kumwera kwa Africa, Malawi ali m'gulu lomwelo, pamene kuno unali usanapezeke n'komwe. Unadzatsimikizidwa mu December. Posakhalitsa zinadziwika kuti unali utafalikira kale m'mayiko ambiri. Amene anaona msanga n'kunena ndi amene analangidwa. Mabanja amene ankadikira ana awo pa Khirisimasi akudziwa mtengo wake.

Zimene mayiko anachita ndi South Africa zimachitikanso m'makomo. Mtsikana wantchito akanena kuti amupeza nako, amauzidwa kuti apite kwawo, ndipo malipiro a masiku amenewo sawaona. Mwina akabwerako apeza wina. Mlonda akajomba sabata, amadulidwa. Mayi wogulitsa tomato akadzitsekera m'nyumba masiku angapo, mpamba wonse umaolera m'dengu. Wakabaza akapanda kutuluka, ana sadya. Kwa munthu wa pa ofesi, kudzipatula ndi kugwira ntchito pa kompyuta ali pa sofa. Kwa amene amadya za tsiku lomwelo, kudzipatula ndi njala. Ndiye n'kulakwa kuima pa guwa kapena kulemba m'kalata ya parishi kuti aliyense akayezetse, osanenapo kanthu za amene adzalipire. Olemba anzawo ntchito ambiri ali m'tchalitchi momwemuno, ena amakhala kutsogolo. Mkhristu amene amadula malipiro a wantchito wake chifukwa choti wanena zoona za matenda ake, akumuphunzitsa kuti ulendo wina adzabise, ndipo adzabisira m'khitchini mwake momwemo, akudyetsa ana ake. Izi n'zofunika kuzitengera ku sakramenti la Kulapa, osati kungozitcha nkhani ya bizinesi.

Dziko lino linaphunzirapo kale phunziro limeneli movutikira pa nthawi ya Edzi. Zaka zambiri anthu ankamwalira ndi dzina loti kudwala nthawi yaitali, chifukwa mawu oti kukayezetsa magazi anali ngati kutukwana. Zinasintha mankhwala atafika, komanso pamene anthu anaona kuti wopezeka nako sathamangitsidwa. Magulu osamalira odwala kunyumba, ambiri a iwo ochokera m'mipingo, ndi amene anachotsa manyaziwo pang'onopang'ono, ndi phala ndi sopo. Ena mwa amayi amene ankayenda m'makomo nthawi imeneyo adakali m'parishi muno, ndipo lero ndi iwo amene ali pa chiopsezo, chifukwa cha ukalamba, shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Akuti Omicron ndi wofatsa. Kwa achinyamata ambiri ndi obayitsa, zaoneka choncho. Koma amafala msanga kwambiri, ndipo akafika kwa munthu wa zaka 70 wodwala shuga amene sanabayitse, kufatsako sikuoneka. Mu February 2022 chiwerengero cha odwala chinali chitatsika poyerekeza ndi kumapeto kwa December 2021, ndipo ndowa za pa khomo la tchalitchi zinayambanso kuuma. Pofika nthawi imeneyo mliri unali utabwera kanayi m'dziko muno, ndipo kanayi konse pakati pake panali kamphepo kotere, kamene kanachititsa anthu kuganiza kuti zatha. Nthawi yabwino yofolera denga ndi pamene mvula yakata.

Mawu otsiriza a Yesu kwa munthu uja ndi odabwitsa. Munthu wangoyamba kumene kuona. Chinthu choyamba chimene akufuna ndi kuthamangira m'mudzi, akaone nkhope za anthu amene wakhala akuwadziwa ndi mawu okha. Koma akuuzidwa kuti alambalale, apite kunyumba. Kwa Marko, chifukwa chake n'chakuti Yesu sankafuna kutchuka ngati wochita zozizwitsa nthawi ya mtanda isanakwane. Koma kumvera kumene munthuyo anapemphedwa ndi kumene wopezeka ndi kachiromboka ankapemphedwa pa nthawi ya mliri: kuchoka pagulu pa nthawi imene mtima ukufuna gulu. Ndipo gulu lovuta kulisiya kwa mkhristu wachangu ndi la tchalitchi. Pali woimba amene amaona kuti kwaya singaimbe popanda iye, wowerenga amene dzina lake lili pa ndandanda, mayi amene sanajombepo Misa chikwatireni. Mpingo umaphunzitsa momveka kuti kudwala, ndiponso kusamalira wodwala, ndi chifukwa chokwanira chosabwerera ku Misa ya Lamulungu. Wokhala kunyumba ali ndi chifuwa sanachimwe. Atha kutsatira Misa pa wailesi, kuwerenga mawerengo a tsikulo, ndi kudziwitsa a mphakati. Wobwera ali ndi chifuwa n'kuimba ndi mphamvu kuseri kwa mitu ya nkhalamba ndi amene ayenera kudzifunsa ngati wabwerera Mulungu kapena mbiri yake.

Kukhala kunyumba sikutanthauza kusiyidwa. Wodwala ayenera kumwa madzi okwanira, kupumula, kutsegula mazenera, kuvala masiki ngati akugona nyumba imodzi ndi ena, ndi kutalikirana ndi okalamba mmene nyumbayo ingalolere. Akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu kapena kulephera kudzuka, si nthawi yoonjezera masamba a bulugamu mu mphika kapena kudikira kuti kuche. Ndi nthawi yothamangira kuchipatala, ndipo Bambo Mfumu adziwitsidwe ali m'njira, osati pambuyo.

Zonsezi zimabwerera kwa anthu amene Marko sanawatchule maina, amene akuoneka m'ndime yoyamba yokha. Wakhungu uja sanabwere yekha, ndipo sanadzipemphere yekha. Anthu ena anamutsogolera, anamulankhulira, kenaka anatsala m'mudzi osaona nawo chozizwitsacho. Ntchito imeneyo m'parishi ndi ya mphakati. Wapampando wa mphakati amadziwa nyumba imene muli agogo osayenda, amadziwa amene amadya za ganyu, amadziwa amene wasowa milungu iwiri. Thumba limene limatuluka msanga pa maliro lingathe kutulukanso munthu adakali moyo: ufa, nyemba, makala ndi sopo zosiyidwa pakhomo la banja limene ladzipatula, ndi foni ya madzulo aliwonse. Banja lodziwa kuti silidzagona ndi njala silivuta kupita kukayezetsa. Amene akufunafuna ntchito ya chifundo ya Lenti safunika kupita kutali.

Achinyamata nawo ali ndi gawo losavuta. Okalamba ambiri amene anabayitsa mu 2021 anasunga khadi lawo mosamala, m'kachikwama ka korona, pakati pa buku la nyimbo, kapena pamodzi ndi khadi la mtulo. Ambiri sanalitsegulenso, ndipo ena maso sawalola kuwerenga tizilembo ta anamwino. Mdzukulu akafika kunyumba lero, chakudya chamasana chisanapse, apemphe khadilo, awerenge tsiku limene agogo anabaya komaliza ndi mtundu wa katemera wake, alembe papepala. Lolemba akafunse ku chipatala chapafupi ngati nthawi ya woonjezera yakwana, ndipo ngati yakwana, awaperekeze, atanyamula ambulera ndi khadi lake lomwe.